Ba Bosi, Selukani Tikankheko Pang'ono

Laciwili lina mu July, nthawi isanakwane 06:00, ndinali nditakhala kale m'basi pa Chelston, cikwama pamiyendo, manja m'matumba a jekete. Basi inadzala, ngwangwazi analandila kake n'kupita kukaitanila ina. Ba driver anapotoza kiyi. Injini inazungulila katatu mwaulesi, ngati munthu amene amudzutsa pakati pa usiku, kenako zii. Anayesanso. Zii. Pamenepo kondakita anatsegula citseko n'kutiyang'ana ife amuna a mipando ya pafupi ndi khomo, ndi nkhope ija imene tonse tiidziwa.

"Ba bosi, selukani tikankheko pang'ono. Ni kuzizila cabe, ikalila yalila."

Tinaseluka asanu. Mmodzi wa ife anali mu suti yakuda, envulopu ya khaki atailuma kukamwa kuti manja apeze pogwila. Tinakankha, basi inadumpha kawili, inakhosomola utsi woyela n'kulila. Tinathamangila kukwela, manja ali fumbi lokhalokha, ndipo aliyense analipila ndalama yonse. Palibe anaticotselako ngakhale ngwee pa nchito ya kukankha, ndipo palibe anadandaula.

Kusadandaula kumeneko ndiye kwandilembetsa lelo. Tafika pozolowela basi yokana kulila m'mawa, basi yozima pa ma robot, basi yonjenjemela ikaima ngati ili ndi malungo, mpaka tiona ngati ndiye cibadwa cake. Ukafunsa, yankho ni limodzi: "Yakalamba iyi, mudala." Ine ndikana. Ukalamba ulipo ndithu, koma ukalamba si dzina la matenda. Agogo akadwala, a ku kiliniki sanena kuti akalamba, pitani nawo kunyumba. Amapima BP, amapima shuga. Injini nayonso imapimika, ndipo nthawi zambili cimene cikuvuta ni kanthu kamodzi kapena tuwili, tochipa kuposa cashing ya masiku awili.

Kuti mabasi athu ayenda kwambili, palibe angatsutse. Ma Hiace ambili anabwela kucokela ku Japan atagwila kale nchito zaka, analowela pa Nakonde kapena pa Chirundu, n'kuyamba moyo waciwili. Tiyelekeze cabe kuti basi iyenda makilomita 200 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa wiki. Caka cisanathe yawonjezela makilomita 60,000. Ndipo mita ya pa dashboard imawelenga pamene mawilo akuzungulila cabe. Maola onse amene injini ikulila basi ili pa mzele ku Kulima Tower, kapena itatsekeka pa Great East Road cakumadzulo, mita siwadziwa. Injini ya minibasi ni yokalamba kuposa manambala amene aoneka, ngati mitayo ikali kugwila nchito n'komwe.

Koma injini yokalamba imakamba. Funso loyamba limene makanika wabwino amafunsa si lakuti "tisinthe ciani?" Amafunsa kuti ikana nthawi yanji, ndipo pokana imveka bwanji. Izi ngakhale inu amene mukhala kumpando wa kumbuyo, mawondo pa cibwano, mungazimve.

Ba driver akapotoza kiyi n'kumveka "tiki" cabe, kapena injini ikazungulila mozengeleza ndipo magetsi a m'basi n'kuzilala, nkhani ili ku magetsi. Pano anthu amathamangila kugula batili, kapena kubwelekana batili pa siteshoni monga tibwelekana machesi. Koma batili yodzala imaonetsa pafupifupi ma volt 12.6 pa mita, ndipo poliza injini siyenela kugwa pansi pa 10 kwenikweni. Injini ikalila, alternator iyenela kukweza manambala afike ca m'ma 14. Kupima zonsezi ni mphindi zisanu. Kawilikawili batili ilibe mlandu: ma terminal amela ufa woyela, kapena amangidwa ndi msomali wokhomela m'mbali, kapena nthambo ya earth imene imalumikiza injini ku thupi la basi yadyeka. Ikani batili yatsopano pa nthambo yowola, pakapita mawiki awili mudzayambanso kuitana amuna kuti aseluke.

Ngati injini ikuzungulila bwino, mwamphamvu, koma sigwila, batili ndi sitata zacita mbali yake. Manje tiyang'ane kwina.

Injini ya dizilo ilibe ma spark plug. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambili, ndipo mafuta akapopeledwa mu mpweya wotenthawo amayaka okha. M'mawa wa June ndi July, pamene kuno ku Lusaka kumazizila mpaka pansi pa madigili 10, citsulo cozizila cimaba kutentha kuja mafuta asanayake. N'cifukwa cake kuli ma heater plug, imodzi pa silinda iliyonse, ndipo n'cifukwa cake pa dashboard pali kanyali kooneka ngati kawaya kopota kamene driver ayenela kuyembekeza kazime asanalize. Ma injini akale a Toyota aja a 3L ndi 5L amadalila kwambili ma plug amenewa. Imodzi ikafa, injini ilila koma monyinyilika. Awili kapena atatu akafa, mupeza zimene tinapeza ife pa Chelston: kukankha, utsi woyela wonunkha dizilo yosapsa, kunjenjemela kwa mphindi imodzi, kenako tsiku lonse basi iyenda ngati palibe cinacitika. Heater plug yamoyo imaonetsa pafupifupi ohm imodzi pa mita. Yakufa sionetsa ciliconse. Nthawi zina ma plug onse ali bwino, cafa ni fuse kapena relay imene imawatumizila magetsi. Kondakita uja sananame ponena kuti ni kuzizila. Anaiwala cabe kuti amene anapanga injiniyo anali kudziwa kuti kumazizila, ndipo ku Japan kumagwa sinoo.

Pali vuto lina limene ndiliona kuti ndiye lathulathu, cifukwa timalibeleka tokha. Nonse mwakhalapo m'basi imene ipatuka kulowa pa filling station muli momwemo, kondakita n'kusonkhanitsa zimene mwalipila kumene kuti athile mafuta a ulendo umodzi. Thanki imeneyo siidziwa kudzala. Basi ikakwela cikweza kapena ikakhota mwamphamvu, tumafuta tija tumathawila mbali imodzi, paipi n'kukoka mpweya. Zinyalala ndi madzi zimene zimakhala pansi pa thanki zimapita ku fyuluta. Ndipo mpweya m'njila ya dizilo ni mdani woipa, cifukwa pampu imafuna mafuta okhaokha. Mpweya umangofinyika, injector osatseguka bwino.

Coipa cina n'cakuti mpweya ungalowe popanda dizilo kudontha. Kapaipi kong'aluka pang'ono, labala ya fyuluta yosakhala bwino, kapena kapampu ka dzanja kaja ka pamwamba pa fyuluta kakatopa, usiku mafuta amabwelela ku thanki mwakacetecete. Pansi pouma, palibe dontho, koma m'mawa injini izungulila popanda cakudya. Kupima kwake n'kosavuta mpaka kucititsa manyazi. Musanalize, dinani kapampu kaja mpaka kalimbe. Ikalila nthawi yomweyo, mwapeza dela la vuto. Ikani kapaipi koonekela mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, muone ngati mukudutsa thovu. Ndaonapo pampu yonse ikumasulidwa n'kupita nayo kwa akatswili, basi n'kugona wiki, pamene mlandu unali pa kapaipi ka utali wa cala.

Nanga basi imene ilila bwino m'mawa koma ikatentha, ukaizimitsa, siifunanso? Iyi ndiye imabala mwambo wina wa pa siteshoni, wosazimitsa injini kucokela m'mawa mpaka usiku. Mafuta akupsa pacabe, ndipo utsi wake aumeza ni azimai ogulitsa zipatso ndi ma fritter pambali pa mabasi, ena ali ndi ana kumsana. Pano cingakhale sitata imene yatopa ndipo ikatentha imafooka. Ingakhalenso pampu ya dizilo imene yadyeka mkati: mafuta otentha amapyapyala, amapulumuka m'mipata, mphamvu n'kucepa. Mukaona driver akuthila madzi ozizila pa pampu kuti ilile, dziwani kuti iye wapeza kale matenda. Cimene akucita ni kubisa, ndipo madzi pa citsulo cotentha sacita bwino ku pampu imene ili kale pa bedi.

Za idling ndiye zimandiopsa kwambili, ndipo ndikamba ngati wokwela. Injini yabwino ikatentha imakhazikika pa ma rev 700 kapena 800, phee, osakwela osatsika. Yodwala imasakasaka: ikwela, itsika, ifuna kuzima, idzuka. Pa dizilo, yang'anani mpweya uja, fyuluta yotsekeka, kapena injector imene m'malo mopopela ngati nkhungu ikudontha. Pa petulo, kambili ni mpweya wolowela pakhomo losayenela, kapaipi ka vacuum kouma n'kung'aluka, kapena throttle body yodzala mwaye, kapena sensor ya kutentha kwa madzi imene ikuuza kompyuta kuti injini ikali yozizila pamene yatentha kale. Fumbi la August mpaka mvula yoyamba limathandizila, makamaka pamene air cleaner saigula yatsopano koma kuimenyetsa pa tayala n'kuibwezela. Mankhwala a pa siteshoni ni sikulu: potoza, kweza idling, nkhani yatha. Basi ileka kuzima, inde, koma imamwa mafuta, giya imalowa mokukuta, ndipo vuto lenileni lipitiliza kukula mobisala.

Amene sanakweze sikulu amacita masewela a mapazi. Onani pansi pa siteling'i mukafika pa ma robot a pa Manda Hill: phazi limodzi pa kilachi, lina likugawana cidendene ndi zala pakati pa buleki ndi accelerator, dzanja pa handbrake. Zonsezi n'kuopa kuti injini izime. Ndipo ali ndi cifukwa coopela. Mabuleki amalandila thandizo kucokela ku injini. Ikazima, mungaponde kamodzi kapena kawili bwinobwino, kenako buleki imalimba ngati mwala, siteling'i nayonso n'kulemela. Basi ya anthu oposa khumi ndi asanu, pa malo otsetseleka, kutsogolo ana a sukulu akudumpha msewu. Ndiye cifukwa cake sindiseka ndikaona basi ikutsetselekela pansi yodzala anthu, injini ili cete, driver akuyembekeza liwilo lokwanila kuti amasule kilachi.

Kuti ndisaoneke ngati ndikunena eni mabasi okha, ndikuuzeni za mlamu wanga. Ali ndi ka Corolla ka petulo kamene kanadutsa makilomita 300,000. Kanayamba khalidwe: masiku atatu kali bwino, lacinai kazima pa mphambano, kakana mphindi makumi awili, kenako kalila kokha ngati palibe mlandu. Anapita nako ku galaji ina imene sindidzaichula. Tsiku loyamba anasintha ma plug. Wiki yotsatila, fuel pump. Kenako ma coil awili a second hand, kenako batili. Nthawi iliyonse motoka inali kulila bwino pamaso pa makanika, mlamu n'kulipila, ndipo aliyense n'kukhulupilila kuti apeza. Umu ndi mmene vuto lobwela n'kupita limapusitsila anthu: ciliconse cimene mwasintha cioneka ngati cathandiza, cifukwa motokayo ikanalila ndithu tsiku limenelo ngakhale mukanaisambika cabe.

Amene anathetsa nkhaniyi anali mdala wina wa ku Garden, wogwilila pansi pa mtengo. Sanagwile sipanala tsiku loyamba. Anamufunsa mlamu kuti, "Ba tate, ikazima imakhala yayenda nthawi itali bwanji? Pamene ikana, ka needle ka ma rev kamagwedezeka olo kagona?" Mlamu sanadziwe. Anamuuza kuti apite, alembe m'kabuku nthawi iliyonse ikacita. Patapita wiki kabuku kanakamba kokha: nthawi zonse itatentha, nthawi zonse needle ili gonee poliza. Mdala anaisiya ikulila mpaka inazima yokha, n'kupima pomwepo ikali yodwala. Panalibe spark. Crank sensor, kaja kamene kamauza kompyuta kuti injini ikuzungulila, kanali kuleka nchito kakatentha n'kudzuka kakazizila. Anapezanso kapaipi ka vacuum kong'aluka kamene kanali kusokoneza idling. Matenda awili panthawi imodzi, ndipo pa injini yoyenda kwambili izi si zacilendo. Fuel pump yakale, yamoyo bwinobwino, ikali m'katoni kunyumba kwa mlamu.

Wina adzati masiku ano kuli makina, ingoikani pa kompyuta. Makina aja ni abwino pa motoka zimene zili ndi kompyuta, ndipo anyamata ambili aphunzila kuwagwilitsa nchito. Koma code imakuuzani dela limene kompyuta yaona zacilendo, siikuuzani kuti gulani ici. Ikachula sensor, mlandu ungakhale pa waya wothetheka kapena pulagi yomasuka. Ndipo Hiace yakale ya pampu wamba ilibe zambili zouza makina. Imafuna makutu, mita ndi munthu woleza mtima.

Ngati kupima n'kochipa conco, n'cifukwa ciani sitipima? Pano ndiye pagona nkhani, ndipo si nkhani ya zitsulo. Driver ali ndi cashing yopeleka madzulo alionse. Tsiku limene basi yagona ku galaji iye sadya, kondakita sadya. Vuto la m'mawa limafuna kuti basi igone kwa makanika usiku wonse kuti aione ikali yozizila, ndipo maola a m'mawa amenewo ndiye a ndalama. Mwini wake, amene mwina ali ku ofesi, amaona cashing ikubwela ndipo kwa iye basi ili bwino. Akamva za ma heater plug aganiza kuti driver afuna kumudyela. Makanika nayenso tamuphunzitsa ife tomwe. Akapima ola lathunthu n'kukuuzani kuti ni kapaipi, mumupatsa ya drink. Akasintha citsulo cacikulu, mulipila labour mosawilingula. Ndani angapitilize kupima m'dziko lotelo? Ngakhale fitness ya ku RTSA singagwile vuto ili, pakuti basi imafika kumeneko itatentha kale, ikulila bwino, ndipo tsikulo maso ali pa mabuleki, magetsi ndi matayala. Wotsala ndi bilu ni uja wa suti yakuda ndi envulopu kukamwa, amene anaseluka mu town akuyang'ana wochi.

Sindikuti nthawi zonse ni kanthu kang'ono. Injini imatha ndithu. Ma ring akadyeka, compression imagwa, ndipo palibe heater plug imene ingabwezele. Zizindikilo zake sizibisika: utsi wa buluu tsiku lonse, oilo wothila m'mawa uliwonse, ndipo mukatsegula civindikilo ca oilo injini ikulila, pamatuluka utsi ngati pa mbaula yonyowa. Koma ngakhale pamenepo pali geji yopimila compression pa silinda iliyonse, imene ingauze mwini basi zoona asanagule injini ina kapena asanataye ndalama pa ma injector. Cimene ndidana naco ni kansalu koviika mu petulo koika pa air cleaner, kapena spray ija yolizila. Imayaka msanga ndi ciwawa, imamenya ma piston ndi ma ring amene atopa kale, ndipo pa injini ya ma heater plug ingaphulikile kumaso kwa amene akupopela. Amati injini imazolowela spray. Siizolowela, imangowonongeka mpaka singalilenso popanda iyo.

Kwa eni mabasi pempho langa ni laling'ono. Pa Sondo, pamene anthu acepa, siyani basi igone kwa makanika amene ali ndi mita, ndipo mumulipile pa kupima, ngakhale asasinthe kanthu. Mvelani driver wanu, cifukwa iye ndiye adziwa ngati ikana yozizila kapena yotentha, ndipo kuyankha funso limenelo ni theka la nchito. Dzazani thanki ngakhale kamodzi, mudzaone ngati kuzimazima sikucepa. Kwa ife okwela, sindikuuzani kuti muzikana kukankha, pakuti inenso mawa ndikacedwa ndidzakankha. Koma pa malo otsetseleka, azimai ndi ana ali mkati, injini ili cete, pamenepo tiyeni tizikamba mokweza kuti onse aseluke poyamba.

Basi ija ya pa Chelston ndinaikwelanso pa Ciwelu, masana, ikulila bwino. Ndinakhala kutsogolo ndipo ndinawafunsa ba driver ngati ma heater plug anapimidwapo. Anaseka, n'kuloza kanyali ka pa dashboard kamene anati sikanayakepo kucokela pamene anapatsidwa basiyo.

"Ninabauza ba boss mu May," anatelo, akusintha giya pa Munali. "Ati tiyembekeze cabe, October ili pafupi, izayamba kulila yeka."